Mowa Wakuda Wogona mu Mgolo wa Wisiki

Mayi aliyense wodziwa kuphika angakuuzeni kuti nyemba za mu mphika wadothi sizifanana ndi za mu sefuliya. Nyemba n'zomwezo, mchere ndi womwewo, koma kakomedwe kamasiyana. Dothi lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Mphika umamwa msuzi, mafuta ndi utsi wa pamafuwa, ndipo ukatenthanso umabweza pang'ono zimene unamwa kale. Umu ndi mmenenso zimakhalira ndi mowa wakuda umene anthu a ku Scotland amaugoneka m'migolo ya wisiki. Mgolowo si chosungiramo chabe ayi. Nawonso umafulula nawo.

Titenge mowa wotchedwa Ola Dubh, umene amafulula a kampani ya Harviestoun m'tauni ya Alva. Kampaniyi inayamba mu 1983, ndipo mowawu unabadwa kuchokera ku mowa wawo wina wakuda bii, Old Engine Oil. Kudako si kwa mankhwala. Gawo lina la chimera cha balere amalikazinga mpaka litada, ndipo kukazingako n'kumene kumabweretsa kuwawira kwa khofi ndi chokoleti. Mowa ukapsa sathamangira nawo m'mabotolo. Amauthira m'migolo ya matabwa a oak yochokera ku Highland Park, fakitale yotcheza wisiki ku Kirkwall pa zilumba za Orkney, imene mbiri yake imayambira mu 1798. Mmenemo umagona miyezi ingapo.

Nanga mgolo wokhuthulidwa kale ungapatse chiyani mowa? Lamulo limati wisiki asatchedwe Scotch asanakhale mu mgolo wa oak zaka zosachepera 3, ndipo wina amakhalamo zaka 12, 18 ngakhale 40. Zaka zonsezo kukafunda wisiki amalowerera m'thabwa, kukazizira amabwerera. Chaka ndi chaka pafupifupi 2 peresenti amauluka kudzera m'matabwa omwewo. Tsiku lokhuthula mgolo umaoneka wopanda kanthu, koma matabwa amakhala atakhuta. Migolo yambiri ya ku Highland Park inasungapo vinyo wa sherry wa ku Spain wisiki asanalowemo. Komanso chimera china cha wisiki ameneyu amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la zomera zowolerana limene amakumba ku Hobbister Moor n'kumasonkhera moto. Choncho mowa ukamalowa umapeza mphika woti waphikapo kale ndiwo ziwiri, wodzala ndi fungo la vinyo, la wisiki ndi la utsi.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ogula ambiri. Pabotolo pamalembedwa nambala monga 12, 16 kapena 18. Zimenezi si zaka za mowa, koma za wisiki amene anakhala mu mgolomo mowa usanafike. Mowa womwewo ukagona m'migolo yosiyana umatuluka wosiyana.

Polawa, choyamba musauziziritse kwambiri. Kuzizira kumatsekera fungo m'kati. Uchotseni m'firiji, mudikire mpaka ufike pa madigiri 10 mpaka 13. Thirani m'tambula yotakata pamimba koma yopanikiza kukamwa kuti fungo lisabalalike. Mudzaona mowa wolemera, wotsika mwaulesi, wa thovu lochepa lofiirira. Musanamwe, nunkhizani, chifukwa mphuno ndi imene imayamba kumva za mgolo.

Kenako imwani pang'ono, muusunge m'kamwa. Kukoma sikubwera pamodzi. Kumayamba ndi chimera chokazinga chija, khofi ndi chokoleti chowawira, pamodzi ndi kutsekemera kwa shuga wopserera. Pambuyo pake thabwa limayankhula. Mkati mwa mgolo amawaulamo ndi moto poupanga, ndipo kutenthako kumatulutsa m'mtengo fungo la vanila. Pamenepo mumamvanso mphesa zouma, zotsalira za sherry uja. Mukameza, m'pamene wisiki amadzionetsa: kautsi kapatalipatali ndi kufunda kotsika pakhosi, kumene kumakhalitsa mowa utapita kale. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogugudiza amangomva kuwawa, n'kudabwa kuti anzake akuyamikira chiyani.

Pali pamodzi pamene mgolo umasiyana ndi mphika. Mphika ukamakalamba m'pamene ndiwo zake zimakomera, koma mgolo umatopa. Mowa woyamba kulowamo umatenga zambiri, wachiwiri zochepa, mpaka thabwa limatheratu mphamvu. Ndiponso kugoneka mowa kuli ndi malire. Mpweya umalowa pang'onopang'ono kudzera m'matabwa. Wochepa umafewetsa ukali wa mowa, koma ukachuluka mowa umasukuluka, ndipo tizilombo tikaloweramo umasasa. Thabwa nalo likapyola muyezo limamanga lilime. N'chifukwa chake ofulula amalawa mgolo uliwonse paokha, kenako n'kusakaniza yabwino yokhayokha. N'chifukwa chakenso amakonda kugoneka mowa wakuda wamphamvu, pakuti wopepuka umamira m'fungo la wisiki osaonekanso. Ku Chicago, ofulula mowa a Goose Island anatchuka ndi njira imeneyi m'zaka za m'ma 1990 pogwiritsa ntchito migolo ya wisiki wotchedwa bourbon, imene imapezeka yambiri chifukwa lamulo la ku America limafuna kuti bourbon aliyense alowe mu mgolo watsopano.

Mphamvu ya Ola Dubh ndi 8 peresenti, pamene mowa wamba wa m'botolo umakhala pa 4 kapena 5. Si mowa wophera ludzu masana dzuwa likuswa mtengo. Botolo limodzi la mamililita 330 limakwanira anthu awiri akuluakulu atadya kale, akucheza mosathamanga. Ndipo mukamalawa dzifunseni funso limodzi: kodi ndikumvabe mowa? Ngati m'kamwa mwadzaza wisiki yekhayekha, wofulula analekerera mgolo kulamulira. Ngati mukumva chimera, thabwa ndi utsi, chilichonse panthawi yake popanda kupondereza chinzake, dziwani kuti wofululayo anadziwa tsiku loyenera kutsegula mgolo, ndipo luso lonse la ntchito imeneyi lagona pamenepo.