Kalata yopanda chidindo: chifukwa chake TB imakonda anthu amene ali ndi HIV

Pali funso limene limabwerabwera pa pulogalamu yathu ya zaumoyo. N'chifukwa chiyani munthu akapezeka ndi kachilombo ka HIV, anamwino amayamba kumufunsa za kutsokomola, thukuta la usiku ndi kuonda? Ena amafika poganiza kuti HIV ndi chifuwa chachikulu cha TB ndi matenda amodzi. Ayi, ndi matenda awiri osiyana. Koma chilipo chimene chimawalumikiza, ndipo chili mkati mwenimweni mwa selo, kumene diso silifika. Dzina lake ndi STAT1. Musathawe dzinali, tilimasulira pang'onopang'ono.

Tiyambire m'mapapo. Tizilombo ta TB tikalowa ndi mpweya, timakumana ndi maselo akuluakulu otchedwa makirofeji, amene ntchito yawo ndi kumeza chilichonse chachilendo. Amatimeza ndithu, koma tizilombo ta TB ndi touma mutu. Timatha kukhala ndi moyo m'mimba mwa selo limene latimeza, mpaka kuswana momwemo. Kuti makirofeji atigonjetse, ayenera kulandira lamulo kuchokera kwa maselo ena a chitetezo, makamaka a CD4, omwe aja amene amawerengedwa kuchipatala. Lamulolo ndi puloteni yotchedwa interferon gamma.

Vuto ndi lakuti interferon gamma salowa m'selo, amathera pakhomo. Koma zida zolimbanirana ndi TB zimapangidwa pokhapokha majini ena atatsegulidwa, ndipo majiniwo ali m'phata la selo, mkati mwenimweni. Ndani angatenge uthenga pakhomo n'kuufikitsa kumeneko? Ndiye STAT1 uja, puloteni imene imakhala m'selo kudikira kutumidwa.

Tonse tikudziwa za declaração. Mungailembe bwino chotani, ngati a secretário a bairro sanaikepo chidindo, kumene mukupitako akubwezani. STAT1 nayenso ndi kalata yofuna chidindo. Interferon gamma akagwira pakhomo la selo, mapuloteni awiri okhala kuseri kwa khomolo, JAK1 ndi JAK2, amadzuka n'kumata kachidutswa kotchedwa fosifeti pa STAT1. Sakamata paliponse ayi, koma pamalo amodzi enieni, a nambala 701 pa mndandanda wa tizigawo timene timapanga puloteniyi. Alimi a chimanga ndi kachewere mukuidziwa kale mbali ya nkhaniyi: chilembo P pa thumba la fetereza wa NPK chikuimira fosifolasi, yemweyo amene ali mu fosifeti.

STAT1 akadindidwa amagwirana ndi mnzake wodindidwanso, ndipo awiriwo amasonkhana m'phata la selo, n'kukhala pa DNA ndi kutsegula majini ambiri nthawi imodzi. Kudinda ndi kufika m'phata kumatenga mphindi zochepa chabe. Pambuyo pake makirofeji amakhala aukali, amatha kupha tizilombo tambiri ndi kutsekera totsalato pamalo amodzi. Ntchito ikatha, mapuloteni ena amachotsa fosifeti uja, STAT1 n'kubwerera kukadikira uthenga wina.

Njira imeneyi inadziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makamaka mu 1992, kudzera mu ntchito ya James Darnell ku New York ndi ya George Stark ndi Ian Kerr imene inayambira ku London. Lero tikudziwa kuti munthu ali ndi mitundu 7 ya STAT ndi mitundu 4 ya JAK. Koma umboni umene kwa ine uli wamphamvu kwambiri unachokera kwa odwala. Mu 2001, gulu la Jean-Laurent Casanova ku Paris linafotokoza za anthu ochepa amene anabadwa ndi STAT1 wolakwika pang'ono, moti chidindo sichinkamatika bwino. Interferon gamma anali nayo, makirofeji anali nawo, koma ankadwala kwambiri ndi tizilombo ta mtundu wa TB timene kwa anthu ena sitichita kanthu, ngakhale tofooka ta mu katemera wa BCG. Amayi musachite mantha apa. Vuto lobadwa nalo limeneli ndi losowa zedi, ndipo BCG amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa monga ya mu ubongo. Pitirizani kubayitsa ana anu monga mwa nthawi zonse.

Tsopano tibwerere ku funso lija. Kachilombo ka HIV sikafunika kuwononga STAT1 kuti kabweretse vuto lomwelo. Kamapha maselo a CD4, amene ndiwo otumiza uthenga. Otumiza akachepa, pakhomo pamafika interferon gamma wochepa, STAT1 wodindidwa amachepa, ndipo makirofeji amafooka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS likuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi analowedwapo ndi tizilombo ta TB, koma mwa anthu 100 otere ndi 5 mpaka 10 okha amene amadzadwala pa moyo wawo wonse. Enawo thupi limatitsekera tizilomboto. Kwa munthu amene ali ndi HIV, mpata wodwala TB umakula kuposa kakhumi. Njala, matenda a shuga, fodya ndi kachasu nazonso zimafooketsa chitetezo chomwechi.

Chidindo chikapyola muyeso nachonso chimavulaza. Mu 2011 akatswiri anapeza anthu amene STAT1 wawo amagwira ntchito mopitirira, ndipo amavutika ndi zoyera za mkamwa ndi mafangasi a m'zikhadabo osatherapo. M'bale wake, STAT3, amapezeka ali wodindidwa nthawi zonse mu mitundu yambiri ya khansa, kumauza selo kuti lizingoswana. N'chifukwa chake kunapangidwa mankhwala oletsa JAK kudinda, monga tofacitinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2012 pa matenda a nyamakazi, ndi baricitinib, amene mu 2022 bungwe la OMS linalimbikitsa kwa odwala kwambiri Covid-19. Koma taonani: munthu asanayambe kumwa mankhwalawa kwa nthawi yaitali pa nyamakazi, madokotala amayamba amuyeza TB, chifukwa kuletsa chidindo kungadzutse TB imene inali itagona.

Nanga zonsezi zikukukhudzani bwanji inu? Ngati muli pa TARV, dziwani kuti mankhwalawo akubwezeretsa otumiza uthenga aja. Kudumphitsa masiku ndi kuwachepetsanso. Ndipo pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu ambiri. Ena akangoyamba TARV, pakapita milungu ingapo amatentha thupi, amatupa mwanabele kapena kutsokomola kwambiri, achibale n'kumati mankhwalawa ndiwo akumudwalitsa. Nthawi zina chimene chachitika ndi chakuti uthenga wayambanso kuyenda, ndipo thupi layamba kulimbana ndi TB imene inalimo kale mobisala. Musasiye mankhwala, ndipo musadikire tsiku lolembedwa pa khadi. Pitani ku Centro de Saúde mukafotokoze.

Ngati muli ndi HIV koma mulibe zizindikiro za TB, funsani za mankhwala oteteza. Alipo a isoniazida a miyezi 6, ndipo m'zipatala zina mulinso njira yaifupi ya miyezi 3 yomwa kamodzi pa mlungu. Funsaninso za ana aang'ono amene akukhala nyumba imodzi ndi wodwala TB.

Pomaliza, nthawi zambiri thupi palokha silingathe kumaliza TB ikayamba kudwalitsa, ngakhale chidindo chikugwira bwino, chifukwa tizilomboti tili ndi njira zathu zosokonezera uthenga mkati mwa makirofeji. Amene watsokomola milungu iwiri apite akapereke makhololo. Amene ali ndi HIV asadikire n'komwe milungu iwiriyo. Mankhwala a TB wamba ndi a miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma amaperekedwa ulere.