Wamkulu ndani? Manambala othetsa makani a mpira ku Karonga

Ku Karonga mpira sutha ndi wezulo ya oyimbira. Mukatuluka pa Karonga Stadium Lamlungu madzulo, kapena mu vidiyo sho pa boma, masewero enieni ndiye amakhala akuyamba kumene. A kabaza amapalasa uku akutsutsana, a bawo amaiwala kuti anafika pati, wina ayankhula Kyangonde, wina amuyankha m'Chitumbuka, wachitatu alowerera m'Chichewa. Funso lake ndi lomwelija la masiku onse: wamkulu ndani? Pa makani otere wopambana amakhala wa mawu aakulu, chifukwa palibe amene amayenda ndi buku m'thumba. Lero tabwera nalo bukulo, kuti tione kuti pakamwa pakutinji ndipo manambala akutinji.

Womwetsa zigoli zambiri: Kinnah Phiri

Apa madala sagonja, ndipo akunena zoona. Palibe amene anamwetsera Flames zigoli zochuluka kuposa Kinnah Phiri, yemwe anagwedeza ukonde ka 71 m'masewero osafika 120. Izi zikutanthauza kuti pa masewero atatu alionse, iye ankatuluka ndi zigoli pafupifupi ziwiri. Anali katswiri wa Bata Bullets m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene dziko lonse linkaonera mpira ndi makutu, litaunjikana pa wailesi ya MBC.

Achinyamata amati, "Madala, nthawi imeneyo otchinga kumbuyo anali ogona." Madala amangoseka, n'kufunsa kuti nanga ogonawo bwanji ena onse sanawamwetse 71? Padutsa Lawrence Waya, Frank Sinalo, Esau Kanyenda, Russel Mwafulirwa ndi Chiukepo Msowoya, onsewo akatswiri, koma nambala ija ikadali pomwe Kinnah anaisiya.

Wosewera masewero ambiri: Young Chimodzi

Zigoli zimakumbukika, koma kulimba sikuimbidwa nyimbo. Young Chimodzi anavala yunifolomu ya timu ya fuko ka 159, ndipo pakati pa amuna palibe Mmalawi amene anamufika. Ganizani za maulendo, kuvulala, makochi osinthasintha, aliyense ndi zokonda zake, koma dzina la munthu mmodzi osachoka pa mndandanda. Pambuyo pake anadzakhalanso mphunzitsi wa timu yomweyo.

Zaka zokoma kwambiri: 1978, 1979 ndi 1988

Wina akamati Flames sinapambanepo kanthu, muuzeni akhale pansi. Chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa chinabwera kuno katatu. Mu 1978 Malawi inagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yotsiriza pakhomo pompano. Chaka chotsatira inakachiteteza ku Kenya pogonjetsa eni bwalo 3-2. Mu 1988 Zambia yomwe ija inadzagwanso. Pakati pa zaka zimenezi pali mendulo ya nambala yachitatu ya All-Africa Games ya 1987 ku Nairobi. Timu ya amuna sinaonenso nyengo ngati imeneyo, n'chifukwa chake madala akayamba nkhaniyi mpunga umazizira m'mbale.

Chipambano chachikulu ndi kugonja kowawa

Pa 31 May 2008, Djibouti inabwera pa Kamuzu Stadium ndipo inabwerera ndi mtolo wa zigoli, 8-1. Patangotha masabata awiri, pa bwalo lomwelo, Egypt imene inali itangotenga kumene chikho cha Africa inagwa 1-0, Chiukepo Msowoya atamwetsa chigoli anthu ena atayamba kale kutuluka. Mukafunsa masapota kuti chokoma n'chiti pa ziwirizi, ambiri amasankha chimodzi cha Egypt kusiya zisanu ndi zitatu za Djibouti. Apa manambala amagonja, ndipo n'zomveka.

Koma tisamangosankha zotsekemera. Mu 1962, dziko lino likadali Nyasaland, Ghana inatisambitsa 12-0. Nambala imeneyi ilinso m'buku lomwelo.

Ngongole imene inatenga zaka 26

Flames yapita ku mpikisano wa maiko a mu Africa katatu: mu 1984 ku Ivory Coast, mu 2010 ku Angola, ndi mpikisano wa 2021 umene unaseweredwa mu January 2022 ku Cameroon. Ulendo woyamba uja Algeria inatikwapula 3-0, tinalepherana ndi Nigeria 2-2, n'kugonja kwa Ghana 1-0. Pa 11 January 2010 ku Luanda, dzuwa likuswa mtengo ngati la kwathu kunyanja kuno, Algeria yomweyo inabwera ikunyada ndi tiketi ya World Cup m'thumba. Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anabweza ngongoleyo ndendende, 3-0. Pa benchi panali Kinnah Phiri, tsopano ngati mphunzitsi. Chimenecho chinali chipambano choyamba cha Malawi pa mpikisanowu.

Chigoli chimene sichikalamba

Pa 25 January 2022 ku Yaoundé, Malawi inasewera koyamba mu ndime ya matimu 16. Mphindi ya 7, Gabadinho Mhango anaona kuti goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, wasuntha pagolo. Anaombera ali kutali, pafupi ndi mzere wapakati kusiyana ndi pagolo m'maso mwa oonera ambiri, ndipo mpira unakatsikira m'ukonde. Tinagonja 2-1, Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi atabweza, koma funsani aliyense pa depoti ya Karonga za masewero amenewo, adzayamba ndi chigoli cha Gaba. Miyezi 11 pambuyo pake Morocco yomweyo, ndi goloboyi yemweyo, inafika mu ndime ya matimu anayi pa World Cup ku Qatar, ndipo chigoli chija chinakwera mtengo.

Gaba ali ndi mbiri inanso. Mu ligi ya South Africa ya 2019/20 anamwetsera Orlando Pirates zigoli 16, n'kugawana mphoto ya womwetsa zambiri ndi Peter Shalulile wa ku Namibia. Okonda za kale amayankha ndi dzina la Ernest Mtawali, amene luso lake linamufikitsa ku Mamelodi Sundowns, ku Argentina ndi ku Toulouse ku France. Mkangano wa awiriwa ulibe woweruza, chifukwa wina anali womaliza, wina wokonza.

Timu ya makapu ambiri

Apa a Manoma ndi a Silver amayang'ana kumbali. Chiyambire ligi yaikulu mu 1986, Bullets, kapena kuti Maule, ndiyo yaitenga kochuluka: pofika 2023 inali itaitenga ka 17. Kawiri konse inaigwira osaitaya kwa zaka zambiri, kuyambira 1999 mpaka 2005, kenako kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023. Mu 2023, pansi pa Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, Maule anasesa zonse zinayi: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Silver Strikers ndiyo inadzadula chingwecho mu 2024. Ndipo mu 2004, ikutchedwa Bakili Bullets, timuyi inatulutsa Orlando Pirates n'kufika mu ndime ya magulu ya CAF Champions League, chinthu chimene neba aliyense amachidziwa ngakhale safuna kuchitchula.

Ulendo wautali kwambiri

Iyi ndi mbiri yathuyathu. Timu ya ku Blantyre ikamabwera kudzakumana ndi Karonga United imayenda makilomita opitirira 800, n'kutsika phiri la Chiweta mabuleki akununkha, kenako n'kupeza kutentha kumene sikudziwika ku Ndirande. Masapota a Ingwina, ng'ona za ku Karonga, amanyadira zimenezi, ndipo matimu akuluakulu ambiri asiyapo mapointi pa bwaloli. Koma mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Mlendo amayenda ulendowu kamodzi pa chaka, pamene Ingwina zimauyenda mobwerezabwereza, ndi thumba losafanana ndi la matimu a makampani. Amene amanyoza timuyi ikagonja koyenda ayambe wakwera basi ya usiku wonse, n'kutsika kukathamanga mphindi 90.

Ngakhale zili choncho, mu 2019 Karonga United inafika mu ndime yotsiriza ya Airtel Top 8, n'kugonja 1-0 kwa Silver Strikers. Kunatsala pang'ono kuti chikho chiwoloke mtsinje wa North Rukuru chikuvinidwa.

Mkangano wochokera kutsidya la Songwe

Chodabwitsa cha Karonga n'chakuti makani ake ali ndi mbali imene ku Blantyre kulibe. Malire a Songwe ali pafupi, mawailesi ndi makanema a ku Tanzania amafika, choncho pambali pa Maule ndi Manoma, pambali pa Arsenal ndi Manchester United, palinso Simba ndi Yanga. Peter Banda ndi Duncan Nyoni atapita ku Simba mu 2021, malaya ofiira anapeza chifukwa china chowonekera pamsika. Munthu mmodzi kuno amatha kukhala ndi matimu anayi, ndipo sabata imene onse agonja, m'nyumba mwake simuyankhulika.

Wamkulu weniweni

Tsopano tifike pamene makani ambiri safika. Mukafunsa pa bwalo la bawo kuti Mmalawi womwetsa zigoli woposa onse ndani, mayina amene tatchulawa amatuluka onse, kenako wina chakumapeto amati, "Komanso paja kuli ana a Chawinga." Buku likuti ayambe ndi amenewo.

Tabitha Chawinga, wochokera kwa aneba athu ku Rumphi, anakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya Sweden mu 2017, timu yake ya Kvarnsveden ikutuluka mu ligi chaka chomwecho. Anakachitanso zomwezo ku China. Ku Italy anamwetsera Inter zigoli 23 mu 2022/23, n'kukhala pamwamba. Chaka chotsatira ku France anatsogolanso ndi zigoli 19 ali ku Paris Saint-Germain, kenako Lyon inamutenga. Maiko anayi, ziyankhulo zinayi, mphoto yofanana.

Mng'ono wake Temwa, mu 2023, anamwetsa zigoli 63 kuphatikiza za kalabu yake ya ku Wuhan ndi za timu ya fuko. Chaka chimenecho Cristiano Ronaldo anamwetsa 54. M'chaka chomwecho timu ya fuko ya amayi, Scorchers, inatenga chikho cha COSAFA pogonjetsa Zambia 2-1. Mu 2024 Temwa anapita ku Kansas City Current ku America, n'kumwetsa zigoli 20 mu ligi, kuphwanya mbiri ya Sam Kerr wa ku Australia amene anali ndi 18. Anamwetsa timu iliyonse mwa matimu 13 amene anakumana nawo, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse.

Mzinda wa Kansas City uli ndi makani ake. Kumeneko mpira umene anthu amaupembedza ndi wina uja wooneka ngati dzira, woponya ndi manja, osewera atavala zipewa zolimba. Masapota ake amakangana ngati ife: wamkulu ndi Tom Brady, amene anatenga chikho cha Super Bowl ka 7, kapena Patrick Mahomes wa Kansas City Chiefs, amene anachitenga mu 2020, 2023 ndi 2024? Mahomes ameneyo ndi mmodzi mwa eni ake a timu ya Temwa. Choncho munthu amene Amerika amakangana za iye amakhala pampando kuombera m'manja mwana wa ku Rumphi, m'bwalo limene linamangidwira timu ya amayi yokha. Ife kuno timamutchula chakumapeto, ngati ndiwo zotsala.

Mbiri imene ikusowa

Pali mzere umodzi m'bukuli umene ukadali woyera. Chiyambire 1986, chikho cha ligi yaikulu chakhala chikuzungulira Blantyre ndi Lilongwe basi. Chigawo cha kumpoto chapereka osewera ku matimu onse aakulu, chapereka ana awiri amene dziko lapansi likuwadziwa, koma palibe timu yake imene inatengapo ligi. Akatswiri amabadwira kuno, n'kukwera basi.

Ndiye inu a ku Karonga, makani pitirizani, chifukwa mpira wopanda makani ndi nsima yopanda ndiwo. Koma Ingwina zikamasewera pakhomo, lowani pageti mulipire, osakwera mumtengo. Ndipo mwana wamkazi akapempha mpira, m'patseni, musamutume kumjigo.