NZERU ZA PAGULU: PHUNZIRO LOCHOKERA KU MCHINJI

Aliyense amene anagwirapo ntchito ya Boma kapena ya uphunzitsi m'midzi monga ya kwa Kapondo, m'boma la Mchinji, adziwa bwino chinthu ichi: mlangizi angathe kuitanitsa msonkhano, anthu nkubwera ambiri, nkumvetsera mwaulemu, nkuomba m'manja potsiriza, koma mwezi nkutha popanda ndi mmodzi yemwe wochita zimene zinanenedwazo. Ambiri amafulumira kunena kuti anthu akumudzi ngosamva. Koma anthu ophunzira amene akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 80 apeza kuti kawirikawiri cholakwa sichikhala mwa omvera ayi, koma m'kayendetsedwe ka msonkhanowo. Ndipo umboni wina waukulu wa mfundo imeneyi unachokera m'boma la Mchinji lomweli.

CHIYAMBI CHA KAFUKUFUKUYU

Munthu amene anatchukitsa maphunziro a khalidwe la anthu pagulu ndi Kurt Lewin, mbadwa ya ku Germany imene inasamukira ku America m'chaka cha 1933. M'chaka cha 1939 iye ndi anzake awiri, Ronald Lippitt ndi Ralph White, anafalitsa zimene anaona pa magulu a anyamata ang'onoang'ono amene ankapatsidwa atsogoleri a mitundu itatu. Anyamata a mtsogoleri wolamula ankagwira ntchito molimbika iye ali pomwepo, koma akangotuluka ntchito inkazilala. Anyamata a mtsogoleri wolekerera sankapindula kwenikweni. Koma anyamata a mtsogoleri wokambirana nawo ankapitiriza ntchito ngakhale iye atachoka, pakuti ankaiona kuti njawo.

Pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse nyama inasowa ku America, ndipo Boma la kumeneko linafuna kuti mabanja ayambe kudya zam'kati monga mitima ndi impso. Amayi ena anawalalikira za ubwino wa chakudyachi. Ena anawalola kukambirana okha zovuta zake, kenaka nkugamula poyera chimene adzachite. Mwa amayi 100 alionse olalikidwa, atatu okha ndiwo anakaphika. Mwa okambirana anakaphika 32.

Zomwezi zinaonekanso pa ntchito. M'chaka cha 1948 Lester Coch ndi John French analemba za fakitale yosoka zovala ya Harwood, ku Virginia. Antchito amene anangouzidwa kuti kagwiridwe ka ntchito kasintha anabwerera m'mbuyo, ena mpaka kusiya ntchito. Amene anaitanidwa kukonza nawo kusinthako sanachedwe kufika pa muyezo wawo wakale, ndipo pambuyo pake anaupitirira.

ZIMENE ZINACHITIKA KU MCHINJI

Kwa Achewa izi si zachilendo. Makolo ankalima dima ndi kuweruza milandu pabwalo, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Chimene chinkasowa ndi kuwerengera: kodi kukambirana pagulu kungapulumutse miyoyo ingati?

Funsoli analiyesa ndi a bungwe la MaiMwana, limene linagwirizanitsa madokotala a m'dziko lino, mmodzi mwa iwo Dr Charles Mwansambo, ndi anzawo a ku University College London. Anagawa midzi ya m'boma la Mchinji m'zigawo 48, zokhala ndi anthu oposa 185,000 onse pamodzi. Mwa maere, zigawo 12 zinalandira magulu a amayi, zina 12 zinalandira alangizi oyendera m'makomo, zina 12 zinalandira njira zonse ziwiri, ndipo 12 zotsalazo zinakhala zoyerekezera. Maere anali ofunika kuti pasakhale kukondera, monga kusankha midzi yapafupi ndi chipatala.

Amayi 24 a m'midzi momwemo anaphunzitsidwa kutsogolera zokambirana, ndipo panakhazikitsidwa magulu 207. Gulu lililonse linkatsata misonkhano 20 yogawidwa panayi: kutchula mavuto a uchembere ndi a ana nkusankha aakulu, kukonza njira zowathetsera, kuzichita njirazo, ndipo potsiriza kuona ngati zathandiza. Wotsogolera sankabwera ndi mayankho. Ntchito yake inali kufunsa, kuonetsa zithunzi ndi kuonetsetsa kuti aliyense walankhula. Poyamba ankakumana amayi okhaokha, kuti amasuke pa nkhani zimene sangazitchule pamaso pa amuna. Pambuyo pake amuna nawonso analoledwa kulowa. M'magulu amenewa munatuluka madimba a ndiwo zamasamba, njinga zonyamulira odwala, ndi thumba la ndalama zothandiza pa ngozi yadzidzidzi. Kwa mayi wa kumudzi wotalikirana ndi chipatala, amene matenda am'yamba usiku nthawi ya dzinja, njinga yokonzedweratu ndiyo ingasiyanitse moyo ndi imfa.

Mbali inayo kunali amayi odzipereka 72, amene ankayendera mayi mnzawo kasanu, kuyambira ali woyembekezera kufikira atachira, kumlangiza za kuyamwitsa ndi kasamalidwe ka khanda.

ZOTSATIRA ZAKE

Ofufuza analondola kubadwa kwa ana 26,262 pakati pa 2005 ndi 2009, ndipo zotsatira zinafalitsidwa m'chaka cha 2013 m'magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet. M'zigawo za magulu a amayi okha, m'chaka chachiwiri ndi chachitatu, imfa za amayi pa uchembere zinatsika ndi magawo 74 pa 100, ndipo imfa za makanda osakwana mwezi zinatsika ndi magawo 41 pa 100. M'zigawo za alangizi okha, imfa za ana osakwana chaka zinatsika ndi magawo 36 pa 100.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali yofunika kuisamala. M'zigawo zimene zinalandira njira zonse ziwiri, imfa sizinaoneke kutsika monga anthu ankayembekezera, ngakhale kuti amayi oyamwitsa mwakathithi anachuluka kwambiri. Ndiponso pophatikiza zigawo zonse za magulu pamodzi, kusiyana kunalipo koma sikunali kokwanira kuchotsa chikaiko. Tsono wantchito wa Boma asaganize kuti kuunjika njira ziwiri zabwino m'mudzi umodzi kumabala phindu lowirikiza.

Chaka chomwecho cha 2013 zotsatira za kafukufuku wa mtundu umenewu ku Nepal, India, Bangladesh ndi Malawi zinaikidwa pamodzi. Zinaonetsa kuti phindu lalikulu linapezeka kumene amayi oyembekezera osachepera 30 pa 100 alionse ankafika ku misonkhano: kumeneko imfa za makanda zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. M'chaka cha 2014 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linavomereza njira imeneyi makamaka kwa anthu akumidzi okhala kutali ndi zipatala. Kotero amayi a ku Mchinji anathandiza kukonza malangizo amene maiko ambiri amawerenga.

NGOZI YA GULU

Gulu lingathenso kusocheretsa. M'chaka cha 1951 Solomon Asch anaonetsa anthu mizere yosavuta kuisiyanitsa kutalika kwake, atapangana mseri ndi ena onse m'chipindamo kuti ayankhe zabodza. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mayankho a anthu osadziwawo linatsata bodza la gulu. Koma pakapezeka munthu mmodzi yekha wonena zoona, ambiri ankalimba mtima nkunena zimene maso awo aona. Nchifukwa chake msonkhano umene onse avomera msanga uyenera kukaikitsa wapampando. Paja mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

PHUNZIRO KWA APHUNZITSI NDI ANTCHITO A BOMA

Chiyambire chaka cha 1994, pamene Boma linachotsa malipiro m'sukulu za pulayimale, makalasi anadzaza, ndipo aphunzitsi ambiri amagawa ana m'magulu. Koma kukhazika ana mozungulira si ndiko kupanga gulu ayi. Gulu lifuna funso lenileni loti lithetse, ntchito ya mwana aliyense, ndi nthawi yofotokoza zimene lapeza; popanda izi mwana mmodzi wochenjera amalemba, enawo nkumangoonerera.

Chimodzimodzinso, lamulo la maboma aang'ono la m'chaka cha 1998 linatsegula njira yoti chitukuko chiziyambira kwa anthu eniake, kudzera m'makomiti a m'midzi ndi a m'madera a mafumu. Cholinga cha Boma pamenepa nchomveka, koma kukwaniritsidwa kwake kuli m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo, mlangizi wa zaulimi ndi mphunzitsi wamkulu amene amakhala pamaso pa anthu. Iye akafika kwa Kapondo ndi mfundo zolembalemba kale, adzalandira ulemu ndi kuomba m'manja. Akafika ndi mafunso, nalola amayi ndi achinyamata kuyamba kulankhula akuluakulu asanatseke nkhani, nabweranso mwezi wotsatira kudzamva zimene gulu lachita, pamenepo ntchito idzapitirira ngakhale iye atasamutsidwira ku boma lina.