Njinga ndi ndodo zoyendera panja kwa anthu aulumali

Chipangizo chothandiza munthu waulumali kuyenda chiyenera kugwirizana ndi thupi lake komanso ndi njira zimene azidutsa tsiku ndi tsiku. Njinga zambiri zimene zimabwera ngati mphatso zinapangidwira m'makonde a chipatala, momwe pansi ndi posalala. Timatayala take takutsogolo n'tating'ono, ndipo tikangoponda mchenga kapena matope a m'dzinja timatitimira. Sipatenga nthawi, njinga yotere imakaikidwa kuseri kwa nyumba, mwini wake n'kubwerera kokwawa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo pankhaniyi mu 2008. Malangizowo amati munthu ayambe wapimidwa ndi wodziwa ntchitoyi, apatsidwe njinga ya msinkhu wake, aphunzitsidwe kuiyendetsa, ndipo pambuyo pake aziyenderedwa. Mpando wotakata kwambiri umapendeketsa msana, wothina umakhula m'chiuno. Khushoni nayo si yokometsera chabe. Amene anavulala msana nthawi zambiri samva kupweteka m'matako, choncho zilonda zobwera chifukwa chokhalitsa zimakula iye osadziwa, ndipo zikalowa matenda zimatha kupha.

Panjira za fumbi, njinga ya matayala atatu ndiyo imachita bwino: awiri aakulu kumbuyo, limodzi lonenepa litatalikira kutsogolo. Kutalikako kumathandiza kuti isagubuduke potsetsereka kapena podumpha kangalande. Bungwe la Motivation la ku Britain limadziwika ndi njinga zotere, pomwe la Whirlwind la ku America linapanga RoughRider, ya matayala anayi koma akutsogolo otakata.

Woyenda mitunda italiitali, monga wa geni kapena mwana wasukulu, amapindula ndi njinga yopalasa ndi manja, yonga imene bungwe la Malawi Against Physical Disabilities lakhala likupanga. Imathamanga, imanyamula katundu, ndipo ubwino wake waukulu n'ngwakuti tcheni, masipoko ndi machubu ake n'zofanana ndi za njinga yakapalasa. Ikawonongeka, wokonza njinga wapamsika amaitha. Komabe imafuna mikono yamphamvu, ndipo n'njaitali moti silowa m'chimbudzi kapena m'minibasi. Ambiri amafunikabe china chogwiritsa ntchito akafika pakhomo.

Amene miyendo imawalola kuimirira amadalira ndodo. Chogwirira chake chiyenera kulingana ndi pamfundo ya dzanja, munthu ataima mikono ili pansi. Ndodo imodzi imagwiridwa kumbali ya mwendo wamphamvu, osati wofookawo, ngakhale ambiri amachita zosiyana. Ndodo za m'khwapa zizisiya mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kunsi kwa khwapa, ndipo thupi lizitsamira pamanja. Kukoloweka m'khwapa kumafinya mitsempha mpaka dzanja kuchita dzanzi. Kamphira kakunsi kakaperepeseka kasinthidwe msanga, chifukwa ndodo yopanda mphira imaterereka pasimenti yonyowa. Chitsulo cha miyendo inayi chogwira ndi manja onse awiri n'chothandiza m'nyumba ndi pabwalo losalala, koma pamizere ya m'munda chimangotopetsa.

Ana amafuna kupimidwanso pafupipafupi popeza amakula, njinga n'kuwachepera. Pakhomo paponso pamafuna kukonzedwa: m'malo mwa masitepe pakhale potsetsereka posaposa mita imodzi yokwera pa mamita 12 alionse, ndipo khomo likhale lotakata mokwanira kuti njinga idutse popanda zala kukhula mphuthu.