NKHALANGO IMENE TIMADYA M'KOMBONI

Mvula yoyamba ikangogwa ndi kupha fumbi la October, misika ya m'makomboni athu a mu Lusaka imasintha nkhope. Ku Chawama, ku Matero, ku Mtendere ndi m'mbali mwa njira zamatope za ku Kanyama, amai amayala masaka pansi ndi kuunjikapo masuku timiulutimiulu. Pafupi nao pamakhala mabeseni a vinkubala, ndipo December akafika pakati pamabwera bowa: tente woyera mbee, citondo cofiira, ndi wina waukulu ngati ambulera. Mwana wocokera ku sukulu amaima kuti agule kacidutswa ka cikanda, agogo amatuma mdzukulu kukagula mizu ya munkoyo, ndipo dzuwa likapendeka pakhomo paliponse pamayaka mbaula.

Mwa zonsezi palibe ndi cimodzi comwe cimene munthu anabzala. Tinacoka kumudzi kalekale, ena a ife tinabadwira konkuno ndipo sitinagonepo m'thengo, koma nkhalango inatitsata m'tauni. Imalowa m'mawa mulimonse pa njinga, pa malole ndi pamitu ya amai, ndipo ife timaidya, timaimwa, timaiotha. Tsono, awerengi okondedwa, tiyeni mwezi uno tifunsane: nkhokwe imene tikutapamoyi ndi yaikulu motani, nanga akuilondera ndani?

THENGO LA MIOMBO

Nkhalango yotizungulira si yamdima ndi yothithikana ngati ya m'kati mwa Congo. Ndi thengo lotakasuka la mitengo ya mombo, mtondo ndi inzake, ndipo akatswiri a zomera pa dziko lonse amalichula ndi dzina la kwathu komweku, lakuti miombo. Thengoli linayala pa malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 2.7 miliyoni, kuyambira ku Angola, kudzera kumwera kwa Congo, Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, mpaka ku Tanzania ndi Mozambique. M'menemo anawerengamo mitundu ya zomera yokwana pafupifupi 8,500, ndipo yoposa theka la mitundu imeneyi sipezeka kwina kulikonse. Mitengo yokha ili ndi mitundu yoposa 300.

Wokwera basi yopita ku Chipata angaganize kuti akuona mtengo umodzimodzi ulendo wonse. Koma tsikani ndi agogo a ku Petauke, kapena nkhalamba ya Cisoli ya ku Chongwe, muyende nao mtunda waufupi cabe. Adzakuonetsani mombo umene amasendako luzi lomangira denga, muwanga wa nsanamira zimene ciswe cimazilephera, mlombwa wa zitseko ndi ng'oma, msuku, muula, mteme ndi nthudza za ana abusa, ndi kamtengo kena kosaoneka bwino kamene muzu wake amanyika m'madzi mwana akatsegula m'mimba. Kwa iwo thengo lili ngati mudzi, mtengo uliwonse uli ndi dzina ndi nchito yake.

Cinthu cimodzi codabwitsa timaciona caka ndi caka osacilingalira. Mu August ndi September, nthaka ili gwa, mvula ikali kutali, miombo imaphuka masamba atsopano ofiira ngati moto. Mphamvu imeneyi imacokera pansi, pakuti gawo lalikulu la moyo wa mtengo wa miombo lili m'mizu. Tisunge mfundo imeneyi, tidzaifunanso.

CIBALE CA PANSI PA NTHAKA

Kodi munadzifunsapo cifukwa cake palibe mlimi amene analimapo munda wa tente, uja kum'mawa timati ndelema? Bowa woyera wa m'masitolo amalimidwa m'nyumba, koma tente ndi citondo amakana. Cimene timazula ife ndi cipatso cabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi tosaoneka ndi maso timene timakulunga mizu ya mombo, mtondo ndi msuku. Timaulusito timathandiza mtengo kumwa madzi ndi cakudya ca m'nthaka yosauka, ndipo mtengo nao umatidyetsa. Mukadula mitengo ndi kuzula zitsa, bowa amapita nayo. Mungabzale bulugamu kapena paini pamalo pomwepo, phiri lidzabiriwira ndithu, koma tente wa agogo sadzabwerera.

Bowa wamkulu uja, amene Abemba amati icikolowa, cibale cake ndi ca ciswe, ndipo amamera pafupi ndi zulu. Ndiye bowa wodyedwa wamkulu koposa onse pa dziko lapansi, cipewa cake nthawi zina cimafika mita imodzi. Analowa m'mabuku a sayansi mu 1980, pamene David Pegler ndi Graham Piearce anamlemba ndi dzina lakuti Termitomyces titanicus. Amai a m'midzi anali atamphika kale zaka mazanamazana, koma nkhani ndi imeneyo.

Vinkubala nazonso zili ndi mwini: zambiri zimadya masamba a mtondo m'madera a Mkushi, Serenje ndi Mpika. Moto wolusa wa September ndi October umapsereza masamba anthete pamodzi ndi mazira ake, ndipo wogwetsa mtengo wonse kuti atole msanga wadya za caka cino ndi za caka camawa pa tsiku limodzi.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya cikanda, cija kum'mawa ndi ku Malawi amati cinaka. Ndani sakonda cikanda cophikidwa bwino ndi nsinjiro, soda ndi tsabola pang'ono? Kale cinali ndiwo ya kumidzi ya kumpoto, yodyedwa pa nthawi yake. Lero cimagulitsidwa pa siteshoni iliyonse, pa maukwati ndi m'mahotela omwe. Koma tizinthu tija tonga mbatata timene amasinja ndi mizu ya maluwa a m'madambo a mtundu wa orchid, ndipo wokumba amacotsa nkhokwe yeniyeni imene duwalo likanaphukira caka cotsatira. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera popanda bowa wina wa m'nthaka wozilera. Madambo athu atayamba kutha, amalonda anaoloka malire pa Nakonde. Mu 2003 Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti mizu pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni inali kucoka m'mapiri a kumwera kwa Tanzania caka ciliconse kubwera ku Zambia. Mu 2005 dziko la Tanzania linasandutsa phiri la Kitulo kukhala malo otetezedwa, makamaka cifukwa ca maluwa ake. Thumba limene limatsitsidwa pa msika wa Soweto masiku ano lingacokere ku Tanzania, ku Congo, ku Angola, ku Malawi kapena ku Mozambique. Njala yathu ya cikanda yafika m'madambo a maiko asanu.

MBAULA

Tsopano tifike pa makala, amene mu Lusaka tonse tinazolowera kuwachula kuti malasha. Mabanja atatu mwa anai alionse a m'matauni a Zambia, kapena kuposa, amaphikira makala. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala m'ng'anjo ya dothi, pamafunika makilogalamu anai, asanu kapena ambiri a nkhuni zouma. Zotsalazo zimapita mu utsi. Mitengo imene ootcha amaifuna ndi yomweija ya mombo ndi mtondo, cifukwa makala ake ndi olemera ndipo sanyeka msanga. Thengo la pafupi linatha, ndipo matumba tsopano amacokera ku Rufunsa, Nyimba, Chibombo, Kapiri Mposhi ndi Mumbwa. Boma lakhala likunena kuti dziko lathu limataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango caka ciliconse, ngakhale kuti gawo lalikulu la zimenezi ndi la otsegula minda yatsopano.

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, ndipo m'nyengo yotentha magetsi anali kuzima maola 20 kapena kuposa pa tsiku. Ngakhale a m'mayadi amene anaiwala kukoleza moto anagula mbaula. Caka comweco boma linaimitsa zilolezo zootcha makala m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji.

Ife sitidzaloza cala mai wa ku George amene amagula kapulasitiki ka makala madzulo alionse kuti ana adye nsima, kapena bambo amene amapalasa njinga ya matumba asanu usiku wonse, cimanga cake citapserera m'munda. Amenewa sanasankhe umphawi. Cimene tikana ndi bodza lakuti palibe cocita. Pulofesa Emmanuel Chidumayo, amene anaphunzitsa zaka zambiri pa Yunivesite ya Zambia, anatsatira malo ootchedwa makala ndi kuonetsa kuti miombo imaphukanso kucokera ku zitsa ndi mizu, ngati malowo sanalimidwe ndipo atetezedwa ku moto wolusa. Ndiyo mphamvu ya pansi ija. Thengo lodulidwa silinafe. Limafa tikazula zitsa, tikalitentha caka ndi caka, kapena tikathirapo simenti.

Za mukula sitinena zambiri. Mtengo umene midzi inali kuuona ngati wamba unasanduka golide wa anthu ocepa pamene misika ya ku China inaufuna, ndipo mu 2019 unalowa m'ndandanda wa pangano la maiko la CITES wa mitengo yosayenera kugulitsidwa kunja mwacisawawa. Eni midzi anatsala ndi zitsa.

NKHALANGO NAMBALA 27

Wina anganene kuti zonsezi ndi za kutali. Koma kum'mawa kwa mzinda, kupitirira Ibex Hill, osati kutali ndi Mtendere ndi Bauleni, kuli thengo limene boma la atsamunda linapatula mu 1957 ndi kulicha Lusaka East Forest Reserve No. 27. Linali la mahekitala oposa 1,700, ndipo nchito yake inali kusunga magwero a mtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu Chongwe, m'dziko la Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Mvula ikagwa pa thengo lotere sithamanga. Imalowa pang'onopang'ono m'nthaka, ndi kudzaza akasupe ndi zitsime.

Mu 1983 boma linacotsa citetezo pa nkhalangoyi. Nkhwangwa zinalowa, okumba mcenga analowa, ndipo Chalimbana anayamba kuuma. Akulu anati citsime cidziwika kuya cikaphwa. Anthu a m'mbali mwa mtsinje, alimi aang'ono ndi aakulu omwe, anasonkhanitsa maina pafupifupi 2,500 pa kalata yodandaula, ndipo mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba anabwezera nkhalangoyo m'citetezo. Thengo linaphukanso. Apa tinali titaphunzira ndi maso athu, osati m'buku.

Koma pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zina zinadulidwanso katatu konse, kuti pamangidwe nyumba, ndipo mwa amene analandira mapuloti munali akuluakulu a dziko. Panatsala malo osakwana theka. Bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust, pamodzi ndi ena a mtundu wa Asoli, linatengera nkhaniyi ku khoti. Tinene mosabisa: wosauka wogwidwa ndi thumba limodzi la makala amalandidwa njinga, koma amene anameza nkhalango yonse anacita ndi cidindo ca boma. Ndipo madzi a pansi pa Lusaka sadziwa malire a yadi ndi komboni. Mzindawu unamangidwa pa mwala wa laimu wokhala ndi mphako, ndipo madzi ambiri amene timamwa amacokera m'zitsime zobowola mwala umenewu. Tikatseka malo olowera mvula yoyera ndi kukumbapo zimbudzi, tidzatunga ciani? A ku Kanyama ndi ku George, amene anaika abale ao m'manda ndi kolera ya 2017 mpaka 2018 ndi ya 2023 mpaka 2024, safunika kuuzidwa mtengo wa madzi oipa.

MALAMULO A MAKOLO

Makolo athu analibe alonda a yunifomu, koma anali ndi malamulo. Msitu wa kumanda sunali kulowa nkhwangwa, ndipo mpaka lero ku Katete ndi ku Chadiza, pakati pa minda yoyera, kagulu ka mitengo yakale kamakuuzani pamene pali manda. Wotsegula munda anali kusiya msuku ndi muula ciimire. Masuku anali kutola akagwa okha, osati kugwedeza mtengo akali aawisi. Sing'anga weniweni anali kusenda khungwa mbali imodzi, osazunguliza thunthu, ndipo akadula muzu anali kukwirira dzenje. Kumpoto mfumu ndiyo inali kutsegula ndi kutseka nyengo ya vinkubala. Malamulowa anagwira nchito cifukwa wotola ndi wodya anali munthu mmodzi, wa mudzi womwewo. Lero wodya ali ku Kalingalinga, wokumba ali ku dambo limene wodyayo sadzaliona, ndipo pakati pao pali lole.

Lamulo la nkhalango la 2015 linatsegula khomo lakuti mudzi, mogwirizana ndi mfumu yao, ulembetse gulu ndi kupatsidwa mphamvu yosamala thengo lao ndi kupindula nalo. Ambiri a ife tili ndi mau kumudzi, pakuti timatumiza ndalama za feteleza ndi za maliro. Tingafunsenso ngati gulu lotere lilipo. Kuno m'tauni, nyemba zonyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa ndi makala ocepa, mbaula yomatidwa dongo m'kati imasunga moto kuposa ya zibowo, ndipo makala otsala tingawazime ndi kuwasunga m'malo mowasiya anyeke okha.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lathu imayamba pa 15 December, pamene masuku ali mbwee pa msika. Amene afuna kuyesa asataye njere: azibzale masiku omwewo, cifukwa njere ya msuku ikauma imafa m'masabata ocepa. M'kathumba kobzalamo asakanizemo dothi lotapa pansi pa msuku waukulu, kuti mbande ipeze bowa wake uja wa m'mizu. Ndipo abzale ingapo, osati umodzi, pakuti msuku uli ndi waumuna ndi waukazi, ndipo sudziwika kufikira utacita maluwa.