Bwato la ku Dufuna

Kodi mutapeza bwato lakale, mbiri yake mungaidziwe bwanji?

M'chaka cha 1987, woweta ng'ombe wina ankakumba chitsime pafupi ndi mudzi wa Dufuna ku Nigeria. Pansi penipeni anapeza bwato. Sanaliwaze nkhuni ayi. Anakauza amfumu.

Akatswiri atabwera, anafufuza zinthu zitatu. Ndi mtengo wanji? Ndi wa mtundu wa mbawa. Analisema bwanji? Anagoba thunthu limodzi lopitirira mamita 8, nalisongola uku ndi uku. Analisema liti? Atapima kachidutswa kake ndi makina, anapeza kuti papita zaka ngati 8,000. Mu Africa monse silinapezeke bwato lina lakale kuposa limeneli.

Inunso mukafukula chinthu chakale, musachiphwanye. Kauzeni amfumu. Chikaonongeka, mbiri ya makolo yatayika basi.