JULIAN ELLIOTT: KATSWIRI AMENE ANAJAMBULA SUKULU LA UNZA

Anthu ambiri a m'makomboni a Mtendere ndi Kalingalinga mu mzinda wa Lusaka amadziwa bwino nyumba zikuluzikulu za konkire za pa sukulu la University of Zambia, UNZA. Ena amagwirako nchito, ena amadutsako tsiku ndi tsiku. Koma ndi ocepa amene amadziwa dzina la a Julian Elliott, mmodzi mwa akatswiri amene anajambula mapulani a sukululi.

A Elliott anabadwa m'caka ca 1928 ku South Africa ndipo anaphunzira nchito yojambula mapulani a nyumba pa University of Cape Town. M'zaka za m'ma 1950 anagwira nchito ku Elisabethville, mzinda wa ku Congo umene lero ukuchedwa Lubumbashi. Pambuyo pake anakhazikika ku Ndola, kumene anatsegula ofesi yao. Mwa nyumba zimene anajambula muno m'dziko, muli chalichi cacikulu ca Katolika ca ku Kasama.

Iwo anali m'gulu la akatswiri otsata mamangidwe atsopano ochedwa modernism. Mamangidwewa amakana zokongoletsa zopanda nchito. Maonekedwe a nyumba amatsatira nchito imene nyumbayo idzagwira, ndipo konkire, zitsulo ndi magalasi zimasiyidwa poyera. Makampani akuluakulu ndi maboma anakonda njirayi cifukwa inali kuonetsa citukuko. Citsanzo cina mu Lusaka ndi Findeco House, nyumba yosanja ya mu mseu wa Cairo, imene inajambulidwa ndi akatswiri a ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1970.

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, nzika zokhala ndi madigiri zinali pafupifupi 100 cabe. Motero kumanga yunivesite kunali nkhani ya msanga. Anthu wamba anasonkha ndalama, ena anapereka mbuzi ndi nkhuku. Maphunziro anayamba mu Marici 1966 ku Ridgeway ndi ophunzira 312, ndipo mu Julaye caka comweco mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, anaika mwala wa maziko pa malo atsopano a mu mseu wa Great East.

Pa nchitoyi a Elliott anagwirizana ndi katswiri wa ku Britain, a Anthony Chitty. M'malo momwaza nyumba kutali ndi kutali, iwo anaziika moyandikana ndi kuzilumikiza ndi makonde, masitepe ndi tinjira ta anthu oyenda pansi. Colinga cinali cakuti wophunzira acoke m'kalasi kupita ku laibulale osapsa ndi dzuwa kapena kunyowa ndi mvula, ndiponso kuti ophunzira a maphunziro osiyanasiyana azikumana m'njira ndi kukambirana. Mapulaniwo anasiyanso mpata wakuti nyumba zina zidzaonjezedwe mtsogolo.

Mu 1969 a Elliott anabwerera ku Cape Town, kumene anatsogolera nthambi yoona za mapulani pa yunivesite imene anaphunzirako. Anamwalira mu 2015.

Lero UNZA ili ndi ophunzira zikwi zambiri, kuposa amene nyumba zoyambazo zikanakwanitsa kusunga. Malo ogona ndi osakwanira, ndipo ici ndi cifukwa cake ophunzira ambiri amacita lendi zipinda ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi madera ena apafupi. Mabanja ena a m'makomboniwa amapeza ndalama mwa njira imeneyi, ngakhale kuti kuculuka kwa ofuna nyumba kumakwezanso mitengo ya lendi. Mbali ina ya malo a sukululi inaperekedwa kwa amalonda, ndipo pamenepo panamangidwa East Park Mall.

Nyumba za a Elliott zapitirira zaka 50 tsopano. Konkire ndi yolimba, koma madzi akalowa m'ming'alu, zitsulo za mkati zimacita dzimbiri ndipo khoma limayamba kugumuka. Kukonza denga lodontha nthawi ikalipo kumafuna ndalama zocepa poyerekeza ndi kumanga nyumba yatsopano. Zopereka za anthu wamba zinathandiza pomanga nyumbazi, ndipo ana a ku Mtendere amene ali ku sekondale lero adzafuna kuzipeza zikali bwino.